Doña Otilia Sasakaniza Mbewu

Mukafika ku San Cleto, m'chigwa cha Bajío ku Mexico, n'kufunsa za Doña Otilia Mosqueda, akulozerani nyumba yobiriwira ya kuseri kwa okonza matayala, ndipo akuuzani zinthu ziwiri. Choyamba, mayiwo saseka zopanda pake. Chachiwiri, pa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri zomwe anagwira ntchito ku Siteshoni sanasakanizepo mbewu ngakhale kamodzi. Komatu pali kalata yotsutsa chachiwiricho, yosainidwa ndi dzanja lawo lomwe, ndipo eniakewo anaiika m'felemu pakhoma la pabalaza.

Otilia anabadwira m'minda ya masitiroberi, n'kuyamba kuthyola ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Sukulu anailekeza atangodziwa kuwerenga ndi kulemba. Anakwatiwa ndi Anselmo, mwamuna wodziwa kuvina ndi kulonjeza, yemwe anapita kumpoto kukafuna ntchito, n'kutumiza chithunzi chimodzi atatsamira galimoto ya eni ake, basi osamvekanso. Anawasiyira ana aakazi awiri ndi chipewa. Za iyeyo Otilia sankakonda kukamba. Wina akawaumiriza ankangoti, "Chipewacho chinali chabwino."

Ku Siteshoni analowa ngati wosesa. Siteshoni ndi malo aja a mpanda wautali a kumsewu wopita ku damu, kofufuzira za mbewu, komwe anthu ovala makoti oyera amalandira mphoto chifukwa cha zomera zomwe sanazithirirepo madzi. Dokotala wina wokalamba, yemwe pano anatisiya kalekale, anaona momwe mayiwo ankatolera tinjere totayika pansi, kamodzikamodzi osaphonya, ndipo anawachotsa pa tsache n'kuwalowetsa m'nyumba zagalasi zolimiramo mbewu. Imvi zawo zonse zinamerera m'menemo.

Ntchito ya m'nyumba zagalasi munthu wopupuluma sangaithe. Mbewu zochokera kwa kholo limodzi amazitcha mzere, ndipo mzere uliwonse uli ndi nambala yake. Duwa la tomato lisanatseguke umaliphimba ndi kathumba kapepala kuti mungu wachilendo usalowemo, n'kumanga ulusi paphesi. Kwa Doña Otilia mzere uliwonse unali ndi ulusi wa mtundu wakewake ndi mfundo zake zowerengeka. Tomato akapsa, njere umazitsuka, kuziyanika pambale, n'kuzisunga mu envulopu yolembedwa nambala ndi tsiku. Ndiye njere ya tomato ndi kanthu kamwano. Imamatirira kuchikhadabo, imabisala m'mpindiro wa malaya, mawa n'kukamera mumphika wa eni ake. N'chifukwa chake Doña Otilia sankatsegula maenvulopu awiri nthawi imodzi. Akathana ndi imodzi ankasamba m'manja, kupukuta tebulo, kukutumula apuloni, n'kuyang'ana zikhadabo zonse khumi asanakhudze ina. Anzawo ankawaseka kuti amachita ngati wansembe pa misa. Analibe digiri, analibe mwamuna, analibe munda. Chawo chonyadira chinali chimenechi, ndipo ankachinyadiradi.

Panalinso lamulo loti chomera chilichonse chosinthidwa chibadwa chisatuluke pageti, kaya ndi njere, kaya ndi tsamba. Zotaya zonse ankaziphika m'chimphika chachitsulo cha nthunzi mpaka zife. Poweruka, alonda ankasecha zikwama za antchito, kutsegula ngakhale kontena ya nyemba zotsala masana. Galimoto za madokotala ankangoziperekera saluti. Wakuba amayenda pansi, nanga inu simudziwa?

Dokotala Baldomero Arriaga anabwera Doña Otilia atatsala ndi zaka zisanu kuti apume. Munthuyu anaphunzira kunja, ndipo ankaonetsetsa kuti musaiwale. Ngakhale pofunsa komwe kuli chimbudzi ankayamba ndi kuti, "Kumene ndinali ine..." Ndevu zake zinkasamalidwa kuposa mbewu zonse za pa Siteshoni. M'nyumba yagalasi ankalowa monyang'wa, atapinda buluku kuopa matope, ndipo zikakwana mphindi khumi, thukuta lili kamukamu, watuluka. Kwa iye mayi aliyense wovala apuloni anali Mari. Wosesa anali Mari, wophika khofi anali Mari, ndipo Otilia, poti anali ndi imvi, anakwezedwa pa udindo n'kukhala Doña Mari.

Maloto ake anali tomato wa pepo. Anatenga jini ya m'duwa lina la m'munda, kalangizo kakang'ono ka chibadwa komwe kamauza duwalo kuti likhale la pepo, n'kuilowetsa mu tomato. Ankati tomato wotere adzateteza mitima ya anthu, adzachedwa kuola, adzagulidwa mpaka ku Japani. Kampani ina ya mbewu inamva zimenezi n'kumasula chikwama. Ndikati anatenga, anailowetsa, ndikungomupatsa ulemu. Yemwe ankapindika msana m'labu anali Rosalba, mayi wa magalasi okhuthala, comadre wa Otilia poti ndiye anaimira mwana wawo wamng'ono pa ukwati. Rosalba anatulutsa mizere makumi awiri ndi iwiri m'timabotolo ta m'labu, Otilia n'kuiokera m'miphika. Jinitu polowa siisankha. Mumzere wina imalowa kamodzi, mwina kawiri, mwina kambirimbiri mounjikana.

Tomato atapsa, Dokotala anabwera ndi wojambula zithunzi. Mzere 3 unali bii ngati mabilinganya, wonyezimira. Mzere 14 unali wa pepo wozilala, wonga diresi lochapidwa kambiri. Ina yonseyo inali pakatikati.

"Uyu! Mwana wanga ndi uyu!" anatero Dokotala akusisita tomato wa mzere 3. "Doña Mari, enawa phikani onse. Akungotidyera malo."

"Onse, a Dokotala?"

"Kodi ndayankhula Chijeremani?"

"Iyayi. Kungoti zoterezi ndinaonapo ndi fodya, nthawi ya malemu dokotala wokalamba uja. Zoyamba ndi mkokomo chonchi sizifika patali. Ana amayeserako, adzukulu amayamba kuzilala, zidzukulutudzi ndiye zii. Fotini uyu mukanamusiyako, olo miphika iwiri."

Dokotala anatembenukira wojambula uja. "Wamva? Pano timalemba ntchito aneneri." Kenako anabwerera kwa Otilia ndi kamawu kanthete, kaja amayankhulira mwana wodwala. "Mayi, inu zanu ndi ulusi. Za chibadwa tisiyireni ife amene tinathera maso m'mabuku."

"Chabwino. Mundilembere."

"Ndikulembereni chiyani?"

"Kuti ndiphike. Ine sindiphika mbewu ndi mawu apakamwa."

Anawalemberadi, akuseka, n'kusaina chisiginecha chodzaza theka la pepala. Masana omwewo Doña Otilia anaphika mizere makumi awiri ndi umodzi, mitengo yake, zipatso, njere ndi dothi lomwe. M'labu namonso Dokotala analamula kuti timabotolo ta mizere imeneyo titayidwe, mashelefu apume. Fotini uja Otilia anamuika m'chimphikamo pomalizira penipeni, mtima ukuwawa, chifukwa anali tomato wofatsa, wobereka bwino. Atatseka chivindikiro anakutumula apuloni n'kuyang'ana zikhadabo zonse khumi.

Ana a mzere 3 anatuluka bii ngati kholo lawo. Anyuzipepala anabwera, Dokotala n'kujambulitsa atagunditsa tomato patsaya. Adzukulu anatuluka amawangamawanga, kwina pepo, kwina kofiira. Otilia anakanena. Dokotala anati ndi dzuwa limenelo, ikani neti padenga. Neti inaikidwa. Zidzukulutudzi zinapsa kutatsala masabata awiri kuti a kampani abwere kudzaona zomwe ndalama zawo zabereka, ndipo miphika yonse mazana atatu inali psuu. Anali tomato wamba, wapamsika, wokazingira mazira.

Tsiku limenelo Dokotala anaiwala kupinda buluku.

"Mwachita chiyani, mayi inu? Mwandidzalira tomato wakwanu?"

"Ndadzala za mu envulopu 3. Ulusi wachikasu, mfundo zitatu."

"Ulusi! Tamvani, anthu inu, ulusi! Zaka za moyo wanga zalendewera pa ulusi wa nkhalamba yosaona! Mwasakaniza mbewu, mayi! Mwasakaniza!"

Anakuwa zimenezi pamaso pa antchito onse, othirira, okankha mawilibala, ndi wophika khofi yemwe. Doña Otilia anangoima chilili, manja m'thumba la apuloni. Akanawatukwana za makolo akanapirira, koma mawu akuti kusakaniza anawalasa pamtima penipeni.

Rosalba anatenga masamba kukayeza. Patatha masiku atatu awiriwo anakumana nthawi ya nkhomaliro kuseri kwa shedi ya pampu, komwe ankatenthetserako tortilla, timikate tawo topyapyala ta chimanga, pa kambaula.

"Comadre, simunasakanize."

"Zimenezo ndikuzidziwa. Ndiuzeni zina."

"Ndayeza masamba makumi atatu. Jini ilimo monsemo. Ndiye sikuti ilimo kamodzi ayi, ilimo kasanu ndi kawiri, zounjikana malo amodzi, zina zoyang'ana cham'mbuyo."

"Nanga ikutani m'menemo? Ikugona?"

"Yamangidwa pakamwa. Tomatotu si chitsiru, comadre. Akaona uthenga umodzimodzi ukubwerezedwa kasanu ndi kawiri mokuwa, amati uyu si wathu, ndi kachilombo aka. Sauchotsa, sasinthamo olo chilembo chimodzi. Amangoudinda tizidindo pamwamba, n'kuukulunga zolimba kuti usawerengedwenso. Tizidindoto timapita ndi njere, ndipo m'badwo uliwonse umawonjezerapo take. Pofika wachitatu, kwatha."

"Nanga fotini uja?"

Rosalba anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi m'mphepete mwa koti. "Imodzi yokha. Akanakhala wa pepo mpaka Ambuye kubwera."

"Mwawauza a Dokotala?"

"Ndawauza."

"Ati chiyani?"

"Ati ndiike m'dirowa." Rosalba sankayang'ana mnzake kumaso. "Comadre, ine kontirakiti yanga amasaina chaka ndi chaka. Amayi ali gone kunyumba, mukudziwa. Ndikatsegula pakamwa..."

Doña Otilia anatembenuza tortilla ndi zala. Sanamunyoze comadre wawo, koma tsiku limenelo sanamugawire tsabola wawo wosinja, yemwe ankagawana kwa zaka khumi ndi ziwiri.

Masamu a Dokotala anali osavuta, ngakhale ife osapita kunja tikanawatha. Kuuza kampani kuti ndinasankha mzere wolakwika chifukwa unkaoneka bwino pachithunzi, chikwama chitsekedwa. Kuuza kampani kuti wantchito wokalamba wasakaniza mbewu, mabwana apukusa mitu mwachisoni, anena kuti antchito amasiku ano ndi choncho, n'kuwonjezera chaka china. Chinkangofunika ndi pepala.

Anawaitanira mu ofesi yake yozizira, momwe Otilia anali asanakhalemo pampando chiyambire. Kalata inali yotayipidwa kale. Dzina lawo lenileni linalimo, ndithu mlembi ndiye analifufuza m'mafayilo. Inkati: Ine Otilia Mosqueda ndikuvomera kuti chifukwa cha kusasamala kwanga ndinasakaniza mbewu za mzere 3 ndi za tomato wamba, ndipo kuyambira lero sindidzakhudzanso mbewu za ntchito imeneyi.

"Ndakuchitirani chifundo, Doña Mari," anatero Dokotala. "Mukasaina, mumaliza zaka ziwiri zanuzo kotsuka miphika, mupuma bwinobwino ndi penshoni yanu. Mukakana, geti mukulidziwa."

Doña Otilia anaiwerenga kawiri, chala chikuyenda pansi pa mawu. Anaganiza zomuponyera cholembera m'ndevu, anaganizanso za ukalamba wopanda penshoni, wokakhala pakhomo pa mkamwini. Mantha anapambana, ndipo anachita nawo manyazi mantha amenewo.

"Palibe tsiku," anatero.

"Tsiku la chiyani?"

"Pepala lopanda tsiku ndi zinyalala. Lembani tsiku, mudindepo chidindo, mundipatse yanga."

Dokotala anaseka chikhakhali, koma analemba tsiku, nadinda, n'kuwapatsa yawo. Doña Otilia anasaina.

Kotsuka miphika ndi kuseri kwenikweni, pafupi ndi dzala, komwe madzi a bulichi amang'amba zala. Msana unkawawa, koma chowawa chenicheni sichinali msana. Nkhani inali itatuluka pageti popanda mlonda woisecha, ndipo San Cleto yense anaidziwa. Okonza matayala aja, anthu oti chiyambire sanamangepo nati yolondola, anapeza poyambira.

"Doña Oti! Nsapato mwavala zofanana lero?"

"Doña, tamva kuti mwathira shuga mu nyemba!"

Iwo ankangodutsa khosi lili gwa. Ana awo anawauza kuti asiye ntchitoyo, azidzawadyetsa, koma sanamve. Ankatsuka miphika zana pa tsiku, n'kuisanja mwa kukula kwake, ndipo palibe amene anapezamo kadothi kotsalira. Rosalba akamadutsa ankayang'ana pansi.

Dokotala anayambiranso. M'labu munali mukadali timabotolo ta kholo la mzere 3, lija linali lisanadutse m'njere, ndipo ataliokera linabereka bii ngati kale. "Mwaona?" anatero, akuzungulira Siteshoni yonse tomato ali m'manja. "Kungochotsapo dzanja limodzi, zonse zalongosoka!" Ntchito ya mbewu anaipereka kwa mlamu wake Chema, bambo wa zala ngati nthochi yemwe kale ankagulitsa feteleza. Nyumba yagalasiyo anaikhoma ndi loko watsopano, kiyi n'kumuvala m'khosi. M'katimo munali mzere 3 wokhawokha. Ngakhale bulu sakanasakaniza, poti munalibe chosakaniza nacho.

Ana anatuluka bii. Adzukulu anatuluka amawangamawanga, ndipo padenga anawonjezerapo neti yachiwiri. Patatha chaka ndi miyezi itatu, m'mawa wina Doña Otilia akukankha wilibala ya miphika, anasuzumira pagalasi n'kuona zomwe ankadziwa kuti adzaona. Munali psuu kuyambira kukhomo mpaka kumapeto, Chema ataima pakati, manja kumutu. Sanaseke. Anangoima pang'ono, n'kupitiriza ulendo wa kotsukira.

Ulendo uno kampani sinatumize mabwana okonda nkhomaliro. Inatumiza mayi wina wamfupi, wa nsapato zafulati, yemwe ndevu za Dokotala sanazione n'komwe. Anathyola tomato mmodzi, namudula pakati, n'kufunsa funso limodzi: "Jiniyi ilimo kangati?" Dokotala anayamba za kumene anali iye. Mayiyo anatembenukira Rosalba. Ndiye kaya ndi manyazi a chaka chonse, kaya ndi tsabola uja, Rosalba anakatsegula dirowa.

Mlendoyo atawerenga anati zoterezi n'zodziwika, ophunzira za mbewu amaziphunzira asanamere ndevu. Anati akufuna mzere wa jini imodzi pasanathe mwezi, apo ayi ntchito yatha. Anatinso akufuna kuonanso bwino nkhani ija ya chaka chatha, ya wantchito wosakaniza mbewu. M'mapepala a Rosalba mzere wa jini imodzi unali umodzi wokha, nambala 14. Kupanga wina kukanatenga zaka ziwiri.

Lamlungu masana, Doña Otilia atangobwera ku misa, galimoto yoyera inaima pa okonza matayala. Munatuluka Dokotala, atanyamula chithumba chapepala cha mabanzi otsekemera, akudumpha zithaphwi.

"Odi kuno! Doña Otilia! Doña Otilia Mosqueda!"

Dzina lonse, ndi la bambo awo lomwe. Zaka zinayi lilime lake linkalephera, lero lamasuka lokha. Doña Otilia anamusiya aime kaye pakhomo mpaka okonza matayala onse atamuona bwino, kenako anamulowetsa n'kumupatsa mpando. Dokotala anayamba ndi za mvula. Anafunsa za ana, ngakhale sankadziwa kuti alipo angati. Koma maso ake sankakhazikika. Ankangothawira pazenera, kuseri, komwe mayiwo anadzala tomato m'zitini za penti.

"Doña Otilia, tiyeni tikambe ngati akuluakulu. Fotini uja munkamukonda."

"Ndinkamukonda."

"Eya. Ndiye ine si mwana, ndimadziwa momwe zimakhalira. Anthu inu... ndikutanthauza antchito, mumasungako kenakake. Kanjere m'thumba la apuloni, kaenvulopu m'kamisolo. Alonda aja saona zonse. Sindikukuimbani mlandu ayi, Mulungu akuona! Ndabwera kudzapempha." Anapisa m'jekete n'kutulutsa kalata ija, naiyala patebulo pafupi ndi mabanzi. "Njere zisanu zokha. Mukandipatsa, iyi ndiing'amba pompano, yanu ija tiing'ambenso. Dzina lanu liyera ngati kale."

Tisaname, kwa kamphindi Doña Otilia anakhumba atakhala nazo. Chaka ndi miyezi itatu ankalota kalata imeneyo ikung'ambika. Anaiyang'ana ili patebulopo. Kenako anadzuka, nalowa kuchipinda, n'kubwera ndi chitini cha mabisiketi momwe ankasungamo mapepala. Anatulutsamo limodzi n'kuliyala pamwamba pa kalatayo.

"Mizere makumi awiri ndi umodzi, phikani. Siginecha ndi yanu, a Dokotala. Ndinaphika."

"Inde, inde, munaphika, ndikudziwa. Koma mwina imodzi inatsalira penapake. Njere zija zimamatirira, si choncho? Kuchikhadabo, m'mphepete mwa tebulo. Mwina inagwera mu envulopu ina osadziwa. Munthu aliyense amalakwitsa, Doña! Taganizani bwino. Tsiku lina munatopa, maso analemera..."

Munthu wa digiri zitatu anali pampando wapulasitiki, manja atawagwirizanitsa, akupemphera kuti nkhalamba yosaona ija ikhaledi yosaona. Mwadzidzidzi anadzambatuka n'kuthamangira kuseri osapempha. Anagwada m'matope pa zitini za penti, akutembenuza masamba, nathyola tomato mmodzi n'kumung'amba ndi zala. Madzi ofiira anatsikira m'manja mwa malaya.

"Ameneyo ndi wapamsika," anatero Doña Otilia ataima pakhomo. "Thyolani wina, amakoma m'mazira."

Dokotala anawayang'ana ali chogwada, njere zitamatirira ku ndevu.

"A Dokotala, munalemba kuti ndine wosasamala. Mukanakhala kuti munalemba zoona, bwenzi lero mwapulumuka. Pepani kwambiri. Ine sindisakaniza."

Dokotala anabwerera m'nyumba mwakachetechete, mawondo ali ndi matope. Koma munthu wotere safa ndi nkhonya imodzi. Anapukuta manja, nakonza kolala, kamawu kanthete kaja n'kubwerera.

"Chabwino. Palibe kanthu. Komabe makalatawa tiyeni tiwang'ambe, onse awiri. Mwaulere, chifukwa cha ulemu wanu. Bweretsani yanu ija."

Apa ndi pomwe Doña Otilia anazindikira kuti bamboyu sanabwerere njere zokha. Anatulutsa kalata yawo m'chitini muja n'kuiwerenganso, chala chikuyenda pansi pa mawu, mpaka chinafika pa tsiku ndi chidindo. Kuyambira lero sindidzakhudzanso mbewu za ntchito imeneyi. Ndipo sanakhudzedi. Kiyi anali m'khosi mwa Dokotala, mbewu m'manja mwa mlamu wake, iwo ali kudzala ndi bulichi, tomato n'kufiira yekha.

"Yanuyo chitani nayo zomwe mukufuna," anatero akuipinda bwinobwino. "Yangayi ayi. Ili ndi tsiku. Pa Siteshoni yonse ija palibe munthu amene wandichitira umboni wabwino ngati pepala limeneli. Mayi wa nsapato zafulati uja akuti akufuna kuliona. Ndimupititsira mawa."

Dokotala anatola kalata yake n'kuibweza m'jekete. Atafika pakhomo anabwerera, n'kutenga mabanzi ake.

Kampani inatseka chikwama mwezi womwewo. Musaganize kuti Dokotala anagwa kwambiri, anthu otere amagwera pa matiresi. Anatenga mapepala a Rosalba n'kulemba nkhani yaitali yofotokoza momwe tomato amamangira jini pakamwa, ngati kuti ankafufuza zimenezo kuyambira pachiyambi, ndipo pano amaitanidwa m'misonkhano kukaphunzitsa anzake kuti asamasankhe mzere wokuwa kwambiri. Rosalba anabweretsa nkhaniyo kwa comadre wake, pamodzi ndi botolo la tsabola wosinja yekha, n'kuwawerengera ndime yothokoza ya kumapeto. Dokotala anathokoza kampani, anathokoza mkazi wake, anathokozanso Doña Mari chifukwa chosamalira mbewu.

Miyezi isanu ndi inayi yomwe inatsala Doña Otilia anaimalizira kotsuka miphika komweko. Akuluakulu a pa Siteshoni anawatumizira uthenga kuti akhoza kubwerera ku mbewu, iwo anati alembedwe kaye kalata yonena chifukwa chake, ya tsiku ndi chidindo. Palibe amene analimba mtima kuilemba.

Okonza matayala anasiya za nsapato zija. Masiku ano mlendo akalowa pabalaza n'kuwerenga za m'felemu, amadabwa kuti munthu angapachike bwanji pakhoma kalata yomunyoza. Doña Otilia safotokoza zambiri. Amangogogoda galasi ndi chikhadabo, pakona ya kumanja, n'kunena kuti, "Werengani tsikulo."